Mkuwa Wobisika m'Mapiko a Ndege

Anthu amene akumba mkuwa ku Mufulira, ku Nkana ndi ku Nchanga adziwa kuti mkuwa wambiri upita kukapanga mawaya a magetsi. Koma ulipo mkuwa wina umene ugwira nchito yobisika m'mapiko a ndege, ndipo miyoyo ya apaulendo itsamira pa nchito imeneyo.

Ndege ifuna citsulo copepuka ndiponso colimba. Aluminiyamu ngwopepuka ndithu, pakuti mipiringidzo yace itatu ilemera monga mpiringidzo umodzi wa citsulo ca makasu wolingana nayo kukula. Koma payekha ngwofewa. Supuni ya aluminiyamu munthu aipinda ndi manja.

Amene anapeza njira yolimbitsira aluminiyamu ndiye Alfred Wilm wa ku Germany, m'caka ca 1906. Iye anasanganiza aluminiyamu ndi mkuwa, pafupifupi mapaundi 4 a mkuwa pa mapaundi 100 alionse, nathiramo magnesium pang'ono. Citsulo cimeneci anaciocha, naciviika m'madzi ozizira monga acitira wosula ndi nkhwangwa. Nkhwangwa ikabvuulidwa m'madzi imakhala italimba kale, koma ici cinaturuka cofewa. Atapita masiku awiri anaciyesanso, ndipo anadabwa kuona kuti calimba cokha popanda wocikhudza. Cinachedwa Duralumin, ndipo m'caka ca 1919 ndege yonyamula anthu ya Junkers F 13 inamangidwa ndi citsulo comweco.

Cifukwa cace n'ciani? Tiyi wotentha asungunula shuga wambiri kuposa tiyi wozizira. Momwemonso aluminiyamu akatenthedwa kufika pafupi ndi madigiri 500, mkuwa umwazikana m'kati mwace monse, ngakhale citsuloco sicinasungunuke. Akaciziziritsa mwadzidzidzi, mkuwa usowa nthawi yoturukamo, nutsekeredwa pomwepo. Tsono pa masiku anai kapena asanu mkuwawo usonkhana pang'onopang'ono m'timagulu tating'ono tosaoneka ndi maso. Citsulo cipindika pamene zigawo za m'kati mwace ziterereka cina pamwamba pa cinzace, monga mphasa zosanjikiza. Timagulu ta mkuwa tikhala ngati zikhomo zoletsa mphasazo kuterereka.

Apa mpamene wanchito afunika kukhala wokhulupirika. Ng'anjo ikatentha mopyola muyezo ngakhale pang'ono, citsulo ciyamba kusungunuka m'kati, ndipo cimeneco cataika. Akacedwa kuciviika m'madzi, mkuwa uunjikana m'malo olakwika, ndipo pambuyo pace dzimbiri lidya citsuloco m'kati pamene kunja cioneka cosalala. Ndiponso phiko lomangidwa kale likapsa ndi moto, mphamvu yace icepa ngakhale silinapindike. Zolakwa zonsezi diso silingazione. Cifukwa cace citsulo ciyesedwa ndi makina cisanaikidwe pa ndege, ndipo kutentha kwa ng'anjo kulembedwa m'buku.

Misomali yolumikiza malata a ndege isonyeza bwino nkhani imeneyi. Mitundu ina ya misomaliyi iyenera kukhomedwa ikali yofewa, ora limodzi lisanathe cibvuulire m'madzi. Ikacedwa iuma, ndipo mutu wace ung'ambika poukhoma. Koma popeza kuzizira kucedwetsa mkuwa kusonkhana, amisiri aisunga m'firiji, naturutsa yokhayo imene ati akhome nthawi yomweyo. Msomali ukalowa m'malo mwace ulimba wokha uli pa ndegepo.

Bvuto lina nlakuti mkuwa womwewo umene upatsa mphamvu ucititsa citsulo kugwidwa dzimbiri msanga. Kuti acinjirize ici, amisiri akuta malatawo mbali zonse ziwiri ndi khungu lopyapyala la aluminiyamu wosasanganiza, amene sadyeka msanga.

Masiku ano ndege zina zikuluzikulu zimangidwa ndi zipangizo zatsopano zosati citsulo, ndipo aluminiyamu wina asanganizidwa ndi zinc. Komabe aluminiyamu wa mkuwa akali m'matupi ndi m'mapiko a ndege zambiri, ndipo akonzedwa monga anacitira Wilm: moto woyezedwa bwino, madzi a msanga, ndi masiku odikira.