BWALO LA KAMUZU: CHINTHU CHA TONSE CHIMAFUNA MWINI



Lero tikambirane za bwalo la maseŵero la Kamuzu, limene lili ku Chichiri. Ambiri a inu mumalidziŵa. Anthu a ku Ndirande, Zingwangwa, Bangwe, Chilomoni ndi Machinjiri akhala akupita kumeneko kukaonera mpira wa Bullets ndi Wanderers.

Bwaloli ndi lakale. Linamangidwa nthaŵi ya atsamunda, ndipo poyamba linkatchedwa Rangeley. Mwambo wolandira ufulu wa dziko lathu mu July 1964 unachitikira pamenepo. Mu 2008, timu ya Malaŵi inagonjetsa Egypt ndi chigoli chimodzi pabwalo lomweli.

Koma m'chaka cha 2012 Boma linatseka bwaloli. Akatswiri a zomangamanga anapeza kuti malo ena okhalapo anthu anali atafooka. Chifukwa cha ichi, mpira wa Malaŵi ndi Ghana unakaseŵeredwa ku Civo, ku Lilongwe. Litatsegulidwa, mbali zina zinakhalabe zotchinga. Mu 2017 linatsekedwanso, pakuti kapinga wake wochita kupanga anali atatha. Matimu a mu Blantyre anayamba kuyendayenda, kukaseŵera ku mabwalo ena. Kapinga watsopano anaikidwa mu 2018.

Kodi simenti imakalamba bwanji? Tamverani. M'kati mwa simenti ya chipilala muli zitsulo. Pakachita kamng'alu, madzi a mvula amaloŵa. Zitsulo zija zimachita dzimbiri, dzimbiri limatupa, ndipo simenti imasweka. Kunja chimaoneka cholimba, koma m'kati chadyeka, monga mtanda wa denga umene wadyedwa ndi chiswe. Tsono taganizani anthu zikwi zambiri akudumpha pamodzi chigoli chikaloŵa!

Kutseka bwalo n'koŵaŵa, tisabise. Mayi wogulitsa mandazi pachipata amasoŵa ndalama ya ufa. Mnyamata wogulitsa nzimbe amasoŵa pogwira. Timu imaononga ndalama paulendo, ndipo wokonda mpira amangomvera pa wailesi. Anthu ameneŵa akadandaula, sakulakwa ayi.

Komabe moyo ndiwo woyamba. Mpira ukalephereka lero, udzaseŵeredwa maŵa. Munthu akafa, sabweranso.

Phunziro lalikulu nali. Kumanga chinthu n'kovuta, koma kuchisamala chaka ndi chaka n'kovuta koposa. Mng'alu waung'ono umafuna thumba limodzi la simenti. Mukaulekerera, udzafuna khoma latsopano. Pamapeto eni ake amati, ndalama zokonzera zachuluka, tingotseka.

Inu simungakonze bwalo la Kamuzu. Imeneyo ndi ntchito ya Boma. Koma m'dera lanu muli bwalo la sukulu, holo, kapena malo oseŵererapo ana. Malo ameneŵa amaonongeka m'njira yomweyo. Nanga tichitepo chiyani?

Choyamba, tisataye zinyalala kapena mabotolo osweka pamene ana amaseŵera. Tisakumbepo dothi loumbira njerwa.

Chachiŵiri, tikaona mng'alu, dzenje, kapena chitsulo chothyoka, tiuze aphunzitsi aakulu, amfumu kapena akhansala msanga. Tsopano mumadziŵa kulemba. Lembani kalata, muikepo tsiku, ndipo musunge ina yofanana nayo.

Chachitatu, tikamva kuti malo atsekedwa, tisathyole mpanda. M'malo mwake tifunse mwaulemu mafunso atatu: Chaonongeka n'chiyani? Adzakonza liti? Nanga ana athu aziseŵera kuti pakali pano? Funso lachitatuli lisaiŵalike, chifukwa mwana wosoŵa bwalo amakaseŵera mumseu, pakati pa magalimoto.

Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Chinthu cha tonse chimafa msanga ngati aliyense akuti si changa. Sabata ino, pitani aŵiriaŵiri mukayendere bwalo la kwanu. Mulembe zimene mwaona, ndipo tidzaŵerengerane tikadzakumananso.