KUPHATIKIZA MABOKOSI A MASIPIKA A GITALA YA BESI
Yankho kwa achinyamata oyimba a kwa Nthache



Nkhani yathu ya lero yachokera m'kalata imene talandira kuchokera kwa mlembi wa gulu lina la achinyamata oyimba m'dera la Mfumu Yaikulu Nthache, m'boma la Mwanza. Dzina la gululo sitilitchula, pakuti m'kalatamo muli mlandu umene sunathe.

Achinyamatawa akuti adasonkha ndalama za manachesi kwa zaka ziwiri, nagula ampulifaya ya gitala ya besi pamodzi ndi bokosi la masipika anayi a mainchesi 10. Patapita nthawi, mbale wa mmodzi wa iwo amene amagwira ntchito ku Johannesburg adawabweretsera mphatso ya bokosi lina, la sipika imodzi yaikulu ya mainchesi 15. Adakondwa kwambiri, nalumikiza mabokosi awiriwo ku ampulifaya imodzi, poganiza kuti masipika aang'ono azitulutsa mawu apamwamba ndipo yaikuluyo izitulutsa mawu apansi. Koma pa ukwati wina, gule ali pakati, sipika yaikulu ija idayamba kununkha, kenaka idangoti zii. Adapita nayo ku Blantyre kokakonzetsa, koma sipadathe miyezi itatu idapsanso. Tsopano ena akufuna kuti woyimba besi alipire ndi kuchotsedwa m'gulu, chifukwa akuti amamenya nsambo mwankhanza. Ena akunong'ona kuti pali munthu wanjiru amene adaika mankhwala. Mlembiyo akufunsa kuti: kodi wolakwa ndani?

Tisanaweruze munthu, tiyeni tiyambe taona mmene zipangizozi zimagwirira ntchito.

Mawu a besi si achilendo kwathu kuno. Kalekale tisanaone magetsi, anyamata ankapanga besi ya nsambo imodzi, yokhala ndi mtengo wautali ndi bokosi kapena ng'oma ya chikopa, imene ambiri timaitcha babatoni. Daniel Kachamba ndi mng'ono wake Donald a ku Chileka ankayimba ndi besi ya nsambo imodzi m'gulu lawo, ndipo m'zaka zaposachedwapa Madalitso Band yafika ndi babatoni mpaka ku Ulaya. Gitala ya besi yamagetsi imene idafala padziko lonse ndi imene kampani ya Fender ku America idatulutsa m'chaka cha 1951. Gitala imeneyi payokha ilibe mawu omveka patali. Imadalira ampulifaya ndi sipika. Nsambo yake yaikulu, ya E, imanjenjemera ka 41 pa sekondi imodzi, ndipo kuti kunjenjemera kodekha chotero kumveke pabwalo, sipika iyenera kukankha mpweya wambiri. Ntchito yonse ya bokosi la besi ndi imeneyi: kukankha mpweya.

Tsono chikhulupiriro chakuti sipika yaikulu ndiyo yokha imene imatulutsa mawu apansi n'chofala kwambiri, koma si choona nthawi zonse. Anthu akumudzi amene amadziwa ng'oma angandivomereze. Kulira kwa ng'oma sikudalira kukula kwa chikopa kokha ayi. Kumadaliranso kukungika kwa chikopacho, kutalika ndi kuya kwa mtengo umene udasemedwa, ndiponso phula limene amamata pakati. Mukaiwamba pamoto imalira mokwera. Mukawonjeza phula imalira motsika, chikhalirecho ng'oma ndi yomweyo. Sipika nayo ili chimodzimodzi. Kulemera kwa chipepala chake, kufewa kwa m'mphepete mwake, mphamvu ya maginito ake ndi kukula kwa bokosi limene yaikidwamo, zonsezi pamodzi ndizo zimapanga mawu ake. Katswiri wina wa ku Australia, Neville Thiele, adalongosola masamu a zimenezi m'chaka cha 1961, ndipo Richard Small adawonjezera pa ntchitoyo kumayambiriro a zaka za m'ma 1970. Mpaka lero opanga mabokosi amatsata masamu a anthu awiriwa.

Mbiri ya zipangizo nayo ikuchitira umboni. Ampulifaya ya Fender Bassman idayamba m'chaka cha 1952 ndi sipika imodzi ya mainchesi 15, koma pofika 1955 inali ndi masipika anayi a mainchesi 10. Ndipo m'chaka cha 1969 kampani ya Ampeg idatulutsa ampulifaya yotchedwa SVT, ya ma watt 300, imene mabokosi ake anali ndi masipika asanu ndi atatu a mainchesi 10 lililonse. Oyimba a m'mabwalo akuluakulu adaikonda chifukwa cha kugunda kwake, ngakhale munalibe sipika yaikulu ndi imodzi yomwe.

Tiyeni tsopano tiwerengere limodzi, monga tinkachitira kusukulu. Chipepala cha sipika ya mainchesi 10 chili ndi malo okankhira mpweya okwana masikweya sentimita pafupifupi 340. Mukaphatikiza anayi, mupeza pafupifupi 1,360. Chipepala cha sipika ya mainchesi 15 chili ndi pafupifupi 850. Choncho pa mabokosi awiri a kwa Nthache aja, limene likukankha mpweya wambiri ndi la masipika anayi lija. Bokosi looneka lamphamvu chifukwa cha sipika yake yaikulu ndilo lofooka pa awiriwo.

Chachiwiri ndi kagawidwe ka mphamvu ya magetsi. Kuseri kwa bokosi lililonse kumalembedwa nambala ya ma ohm, kawirikawiri 8 kapena 4. Nambala imeneyi ikusonyeza mmene bokosilo limakanira magetsi ochokera ku ampulifaya: ikachepa, bokosilo limakoka magetsi ambiri. Mlembi watiuza kuti mabokosi awo onse awiri ndi a ma ohm 8. Mukalumikiza awiri otere ku ampulifaya imodzi, pamodzi amakhala ma ohm 4, ndipo amagawana mphamvu mofanana. Ampulifaya ilibe maso. Sidziwa kuti uku kuli masipika anayi, uko kuli imodzi. Siisankhanso mawu akuti awa apite ku yaikulu, awa ku zazing'ono. Imatumiza mawu onse ku mabokosi onse. Tiyerekeze kuti ikutulutsa ma watt 400. Bokosi lililonse lilandira 200. M'bokosi loyamba masipika anayi agawana, iliyonse 50. M'bokosi lachiwiri sipika imodzi isenza yokha 200. Akuluakulu adati mutu ukakula sulewa nkhonya. Katundu amene anthu anayi akunyamulizana mbali ino, mbali inayo wasenza munthu mmodzi.

Choopsa china n'chakuti sipika ikamavutika imadandaula: imayamba kulira mosasa, nthawi zina imagogoda. Koma achinyamata ambiri amaika bokosi la sipika yaikulu pansi, la masipika anayi pamwamba pafupi ndi makutu. Woyimba amamva mawu abwino a pamwambapo, osamva kudandaula kwa pansi, ndiye amawonjezabe mawu. Koyilo, kawaya kopyapyala kokulungidwa m'kati mwa maginito, kamatentha mpaka kupsa, kapena chipepala chimakankhidwa mopyola malire ake n'kung'ambika. Fungo limene adamva pa ukwati paja linali la koyilo imeneyi. Ndipo wokonza akakulunga koyilo yatsopano, inu n'kukailumikiza monga kale, idzapsanso monga kale.

Apa ndichenjeze magulu ena amene mabokosi awo ndi osiyana ma ohm. Mukaphatikiza la ma ohm 8 ndi la ma ohm 4, pamodzi amakhala pafupifupi 2.7. Ma ampulifaya ambiri adapangidwa kuti asatsike kupyola ma ohm 4, ndipo zimenezi zimalembedwa kuseri kwake pafupi ndi polowetsa waya. Mukanyozera, imene idzatenthe ndi ampulifaya yeniyeniyo, yomwe ndi yokwera mtengo kuposa sipika. Kuwonjezera apo, bokosi la ma ohm 4 lidzatenga magawo awiri mwa atatu a mphamvu yonse. Werengani manambala amenewa musanalumikize chilichonse.

Chachitatu ndi kuyendera pamodzi. Amayi awiri akamasinja mumtondo umodzi amasinthana misi, wina akakweza wina amatsitsa. Masipika safuna zimenezo. Onse ayenera kutuluka nthawi imodzi ndi kubwerera nthawi imodzi. Imodzi ikamakankha mpweya pamene inzake ikuukoka, mawu apansi amazimirira, ndipo woyimba amadabwa kuti mabokosi awiri akumveka mochepa kuposa limodzi. Kawirikawiri zimenezi zimachitika waya akalumikizidwa mozondoka, makamaka sipika ikachokera kokonzedwa. Kuyesa kwake n'kosavuta. Chotsani bokosi ku ampulifaya, mutenge batire ya tochi, mugunditse kwa kanthawi kochepa mbali ya + ku waya wofiira ndi mbali inayo ku waya wakuda. Zipepala zonse ziyenera kutulukira kunja. Chimene chalowa m'kati, waya wake ngozondoka. Komabe dziwani kuti ngakhale mawaya ali bwino, mabokosi opangidwa mosiyana sayenda mofanana pa mawu onse. Pa manotsi ena amathandizana, pa ena amatsutsana, n'chifukwa chake notsi ina imagunda kwambiri pamene yotsatira yake ikumveka yopanda mphamvu.

Kodi tikunena kuti kuphatikiza masipika osiyana n'koletsedwa? Iyayi. Oyimba ambiri odziwika akhala akuyimba ndi mabokosi otere, ndipo ena amagwirizana bwino. Eni zokuzira mawu zikuluzikulu za pamisonkhano amaphatikiza masipika a mainchesi 18 ndi ena aang'ono, koma iwo amaika pakati chipangizo chotchedwa crossover, chimene chimagawa mawu, ndiponso gawo lililonse limakhala ndi ampulifaya yakeyake. Popanda zimenezi, kugwirizana kwa mabokosi osiyana ndi mwayi chabe, pamene mabokosi awiri ofanana, a kampani imodzi ndi mtundu umodzi, amagwirizana nthawi zonse.

Tsono kwa inu achinyamata a kwa Nthache, malangizo athu ndi awa. M'tchalitchi kapena m'kalasi, bokosi la masipika anayi ndi lokwana palokha. Lalikulu lisiyeni kunyumba. Pabwalo, ngati mufuna onse awiri, yambani mwayesa ndi batire. Kenaka mmodzi aime patali mamita 10, woyimba akweze manotsi imodziimodzi kuyambira pa E, poyamba ndi bokosi limodzi, kenaka linalo, pomaliza onse awiri. Ngati awiriwo sakuposa limodzi, palibe phindu lowanyamula onse. Ngati akuposa, ikani la sipika yaikulu pamwamba kuti mudzimva ikayamba kudandaula, musapotoze kwambiri kabatani ka mawu apansi, ndipo malire a mawu anu akhale pamene bokosi lofookalo lalekezera. Lumikizani ndi waya wokhuthala wa masipika, osati waya wa gitala. Nyengo ya manachesi ikadzabweranso, ganizirani zogulitsa bokosi limodzi kuti mugule lofanana ndi lotsalalo.

Pomaliza, tibwerere ku mlandu uja. Monga taonera, sipika idapsa chifukwa cha mmene idalumikizidwira, ndipo mudailumikiza nonse pamodzi, mokondwa, popanda wokuuzani. Woyimba besi aliyense akadaima pamalo pa mnzanuyo zikadamuchitikira zomwezo. Palibenso mankhwala amene adaikidwa. Nambala zimene tawerengazi n'zokwanira kufotokoza zonse. Sipika mungathe kugula ina, koma mnyamata amene waphunzira besi kwa zaka zingapo m'mudzi mwanu momwemo simungam'peze pamsika wa Mwanza. Khalani pansi, musonkherane za kukonzetsa monga mudasonkherana pogula, ndipo mnzanuyo mum'bwezere gitala yake.

Ena nonse amene muli ndi mafunso okhudza zipangizo zoyimbira, tilembereni, ndipo m'kalatamo musaiwale kutchula manambala olembedwa kuseri kwa bokosi ndi kwa ampulifaya.