Njere za Bonongwe Zikulitsa Nkhuku ndi Nkhumba

(Mau olankhulidwa kwa alimi oweta ziweto)

Alimi onse adziwa bonongwe monga ndiwo zamasamba, koma ngowerengeka amene adziwa kuti njere zace ndi cakudya cabwino ca nkhuku ndi nkhumba. Pa cilala ca 2024 cimanga cinasowa m'nkhokwe, ndipo ziweto zinaonda pakuti ngakhale gaga sanaoneke. Mlimi wanzeru sadalira mbeu imodzi.

Ulipo mtundu wa bonongwe wa ngala zazikulu ndi njere zoyera, umene anthu a ku Mexico anayamba kulima kale lomwe. Pa magawo 100 a njere zimenezi, magawo 14 kapena 15 ndi protein, ndiko kuti cakudya comanga thupi. M'cimanga muli magawo 9 okha. Mulinso lysine wambiri, amene acepa m'cimanga. Lysine akacepa, anapiye ndi ana a nkhumba apinimbira.

Koma pali cenjezo. M'njere zaziwisi muli zinthu zina zoletsa cakudya kugayika bwino m'mimba, kotero kuti nkhuku sizikula msanga. Mlimi ayambe wazikazinga pa moto wocepa, osazipsereza, kapena aziphike ndi kuziyanika. Atatero azipere, nasakanize mbale imodzi ndi mbale zinai za gaga kapena za cimanga cogaya.

Bonongwe apirira dzuwa koposa cimanga, ndipo akhwima pa miyezi itatu kapena inai. Popeza njere nzazing'ono, pofesa mlimi azisakanize ndi mcenga, ndipo asakwirire kwambiri. Dzinja likudzali mlimi aliyense ayeseko mizere ingapo. Wofuna mbeu afunse mlangizi wa zaulimi wa kwao.