Za Kukola Dzuwa ndi Utoto wa Zomera: Mawu kwa Mafumu ndi Alimi a ku Kasungu

Inu mafumu, nyakwawa ndi alimi nonse a dziko la Kasungu, a kwa Mwase ndi kwa Kaomba, a kwa Santhe, kwa Wimbe ndi kwa Chulu, tamverani. Lero sitinena za nazale kapena za kusankha fodya. Tinena za dzuwa, ndi za nzeru ina imene anthu ophunzira ali kuyesa, ya kukola dzuwa ndi utoto wa zomera kuti lisanduke magetsi. Muimvetse bwino nkhaniyi, chifukwa fodya akagulidwa pa Chinkhoma amalonda adza m'midzi ndi katundu wamitundumitundu, ndipo munthu wosadziwa ataya pa tsiku limodzi ndalama zimene anavutikira chaka chathunthu.

TSAMBA NDI DZUWA

Mlimi aliyense adziwa kuti fodya wobzalidwa pansi pa mtengo sakula. Tsinde liwonda, masamba achepa. Chifukwa chake n'chakuti m'tsamba muli utoto wobiriwira umene ukola kuwala kwa dzuwa, ndipo ndi mphamvu ya kuwalako mbewu ipanga chakudya chake kuchokera ku madzi ndi mpweya. Potero tsamba lililonse la m'munda mwanu ndi msampha wa dzuwa. Mukapachika fodya m'chigafa utoto wobiriwirawo ufa, tsamba lichita chikasu, pambuyo pake lifiira. Sungani mawu amenewa, tibwererako.

Anthu ophunzira anafunsa kuti: ngati utoto ukola dzuwa m'tsamba, kodi sungalikole pa galasi? M'chaka cha 1991 Michael Grätzel, mphunzitsi wa pa sukulu yaikulu ya ku Lausanne m'dziko la Switzerland, ndi mnzake Brian O'Regan, anaonetsa kuti n'zotheka. Chipangizo chawo chinatembenuza magawo 7 mwa magawo 100 a kuwala kukhala magetsi. Utoto wawo sunali wa zomera ayi, unali wopangidwa ndi chitsulo chosowa chotchedwa ruthenium, chimene chambiri chichokera ku migodi ya ku South Africa. Popeza chitsulocho n'chodula, ena anayamba kuyesa utoto wa maluwa, zipatso ndi masamba.

KAPANGIDWE KAKE

Atenga magalasi awiri okutidwa mwapadera kuti magetsi ayende pamwamba pake. Galasi la pa zenera silichita ntchito imeneyi. Pa galasi loyamba amata ufa woyera wotchedwa titanium dioxide, womwewo umene uyeretsa penti ndi mankhwala ena otsukira mano, naliwotcha pa moto waukulu kuti ufawo ugwire. Likazizira aliviika mu utoto kufikira ufa woyera uja utafiira. Galasi lachiwiri alidetsa ndi mwaye wa kandulo kapena ndi pensulo. Tsono aphatikiza magalasi awiriwo, nathira pakati pake madzi a mankhwala a ayodini.

Dzuwa likawala pa utoto, utotowo utulutsa tinthu tating'ono tosaoneka ndi maso, totchedwa ma elekitironi. Timeneti tilowa mu ufa woyera, tiyenda pa galasi, tituluka pa waya, tigwira ntchito, ndipo tibwerera pa galasi la mwaye. Ayodini ndiye mtengatenga, atinyamula kutibwezera ku utoto. Ulendo umenewu ndiwo magetsi, ndipo suleka dzuwa likali kuwala.

ZOMERA ZIMENE AYESA

Zina mwa izo muzidziwa bwino. Chidede, chimene amayi athu aphika ndiwo, chili ndi utoto wofiira umene ugwira msanga pa ufa woyera uja. M'chaka cha 2007 ophunzira a ku Thailand anayesa chidede, ndipo magetsi anatulukadi. Ena ayesa mabulosi, ena masamba obiriwira. Ubwino wake uli poyera. Zomerazi zimera paliponse, utoto wake utuluka ndi madzi kapena mowa woyengeka, ndipo suli ndi poizoni. Ndiponso zipangizo za utoto zigwirabe ntchito kuwala kukachepa, monga m'nyumba kapena pa tsiku la mitambo. Ngakhale titanium tili nayo m'dziko muno, mu mchenga wakuda wa m'mbali mwa nyanja ku Makanjira, koma iyenera kuyengedwa ku fakitale isanakhale ufa woyera.

KUIPA KWAKE

Komatu musafulumire. Pali zovuta zitatu zimene sizinathe.

Choyamba, mphamvu yake n'njochepa. Chidede cha ku Thailand chija sichinakole ngakhale gawo limodzi mwa magawo 100 a kuwala, ndipo utoto wambiri wa zomera uli chomwecho. Sola ya silicon imene igulitsidwa m'masitolo ikola magawo ngati 20. Kagalasi kamodzi ka utoto kapereka ngati theka la volt, pamene batire limodzi la tochi lili ndi volt imodzi ndi theka.

Chachiwiri, utoto usuluka. Kumbukirani tsamba la m'chigafa lija. Kumbukiraninso chitenje chimene chikhalitsa pa chingwe. Pa mtengo wamoyo utoto ukafa mtengo upanga wina, koma pa galasi palibe woubwezera. Dzuwa lomwelo limene utoto ukola ndilo liupha.

Chachitatu, madzi a ayodini atayika kapena kuuma kukatentha, ndipo inu mudziwa kutentha kwa mwezi wa October kuno.

Zipangizo za utoto wa ku fakitale zili patsogolo ndithu. Mu 2014 ku Lausanne anatsegula nyumba yaikulu ya misonkhano ya magalasi otere. Koma za utoto wa zomera zikali m'manja mwa oyesa ndi m'masukulu. Ngakhale munda waukulu wa sola wa ku Salima, umene unayamba ntchito mu 2021 ndi mphamvu ya mamegawati 60, uli wa silicon.

ZIMENE MUYENERA KUCHITA

1. Munthu akadza m'mudzi ndi sola nati n'njamasamba kapena njamaluwa, ndipo ikhoza kuyatsa nyumba yonse, musampatse ndalama. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mupite naye kwa amfumu, ndipo amfumu afunse alangizi.

2. Wofuna magetsi chaka chino agule sola ya silicon pa sitolo yokhazikika, kumene angabwerere nayo ikafa. Alandire lisiti ndi pepala la chitsimikizo, nazisunga pamodzi ndi mapepala a fodya. Awerengetu zimene afuna kuyatsa, nyali zingati, wailesi ndi foni, kuti asagule yaing'ono.

3. Poika sola, iyang'ane kumpoto, chifukwa kuno dzuwa lipendekera kumpoto kuyambira pakati pa mwezi wa February kufikira kumapeto kwa October. Ipendeke pang'ono kuti mvula itsike nayo fumbi. Pasagwe mthunzi wa mtengo kapena wa chigafa, pakuti mthunzi wa pa ngodya imodzi uchepetsa mphamvu ya sola yonse.

4. M'chilimwe muipukute ndi nsalu yofewa ndi madzi oyera, m'mamawa galasi lisanatenthe. Batire lalikulu likhale pamthunzi, kutali ndi ana, ndipo musalimalize mphamvu usiku uliwonse. Likafa musalitaye pafupi ndi chitsime kapena kudambo, chifukwa muli mtovu ndi asidi.

5. Musaleke kubzala chidede m'mbali mwa munda, ndipo musadule mabulosi, nthudza ndi mitengo ina ya zipatso. Lero ndi chakudya cha ana anu, ndipo zomera zotere ndizo ophunzira ali kufuna. Mbewu imene yatayika sibwera ndi ndalama.

6. Musaganize kuti sola ya pa denga ilowa m'malo mwa nkhuni za m'bani kapena milimo ya chigafa. Fodya afunabe mitengo. Amfumu aone kuti aliyense wolima fodya ali ndi malo ake a mitengo, ndi kuti m'mbali mwa Bua ndi Dwangwa simudulidwa.

7. Ana apite ku sukulu, anyamata ndi atsikana omwe, ngakhale pa nyengo yothyola fodya. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba 11 zokha mwa nyumba 100 m'dziko muno zinali kuunikira ndi magetsi. Ntchito yatsala yaikulu, ndipo ifuna anthu odziwa sayansi amene adziwanso chidede.

Inu mafumu, mawu awa asathere pa bwalo lino. Mukasonkhanitse anthu anu misika ya fodya isanatsegulidwe, muwawerengere, ndipo wosamvetsa afunse. Safunsa anadya phula. Tsalani bwino.