Mawu Olankhulidwa pa Msonkhano wa Pachaka: Za Owerenga Makalata a Ana Opempha Thandizo



Bungwe la ophunzira akale a ku yunivesite lapempha kuti ena mwa mamembala adzipereke, popanda malipiro, kuwerenga makalata a ana a m'boma la Dedza opempha ndalama za maphunziro. Ntchitoyi ioneka yaing'ono, koma woigwira asenza tsogolo la mwana wa mwini.

Boma lino lidziwa kale kufunika kwa thandizo lotere. Sukulu ya sekondale ya Dedza inatsegulidwa patsinde pa phiri lino m'chaka cha 1951, dziko lisanakhale ndi yunivesite yakeyake, pakuti Yunivesite ya Malawi inayamba kuphunzitsa mu 1965. Masiku amenewo wofuna maphunziro apamwamba ankayenera kupita kunja. Malemu Bingu wa Mutharika, amene anaphunzira pa sukuluyi, anakafika ku Delhi, ku India, chifukwa ena anawerenga pempho lawo nalivomera. Mu 2004 anakhala Mtsogoleri wa dziko. Ngakhale lamulo la 2015 linakhazikitsa bungwe lokongoza ophunzira ndalama, ngongolezo sizifikira onse.

Tsono wowerenga asamale zinthu zitatu. Choyamba ndicho chibale. Akulu anati chibale ndi fupa, sichiola. Chotero amene apeza kalata ya mphwake kapena ya mwana wa m'mudzi mwake aipereke kwa mnzake, asaiweruze yekha. Chachiwiri, asanyengedwe ndi Chingerezi chosalala. Mwana wa kalaliki wa pa Boma ali naye womukonzera kalata, pamene mwana wa mlimi wa mbatatesi ku Bembeke, kapena wa msodzi wa kwa Kachindamoto, alemba yekha. Wowerenga ayang'ane zotsatira za mayeso a MSCE pamodzi ndi kusowa kwa pakhomo, ndipo akakayika afunse mphunzitsi wamkulu kapena nyakwawa. Chachitatu ndicho chinsinsi. M'makalatamo muli za umasiye, za matenda ndi za ngongole za makolo. Zimenezi si nkhani zokamba pa mowa kapena pa msika.

Kalata iliyonse iwerengedwe ndi anthu awiri, aliyense payekha, ndipo chifukwa chokanira mwana chilembedwe, kuti kholo likadzafunsa, bungwe lidzakhale nacho choyankha.

Ndalama n'zochepa, opempha ndi ambiri, ndipo ena oyenera adzatsala ndithu. Woopa kudedwa asalembetse. Koma amene akhulupirira kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, apereke dzina lake kwa mlembi msonkhano uno usanathe.