Mtedza ukhale wathu mpaka pasikelo



Kuno ku Mchinji timanyadira mtedza. Timasinja nsinjiro, n'kutendera nkhwani, chisoso, ngakhale mfutso. Mukadutsa pa Mwami kulowa ku Chipata, anzathu amatendera chimodzimodzi, ndipo Abemba ndiwo zotere amati ifisashi. Ku Senegal amaphika nyama mumsuzi wa chiponde, amati mafé. Pa za mumphika palibe amatilanda ulemu.

Koma taonani zimene zimachitika. Kukumba, kuthothola, kuyanika, kuswa mpaka zala kuchita matuza, ndife. Apo onse amavomereza kuti mtedza ndi mbewu ya amayi. Tsiku loti matumba akwere njinga kupita kwa mavenda pa Kamwendo, basi, mtedza uja wasanduka wa abambo. Ndikunama? Ambirife ndalama yake sitiiona. Pena amagulitsa wonse osasiyako wotendera, ana n'kumadya masamba a madzi ndi mchere, kwawo kwa mtedza konkuno.

Inu atsikana a m'tauni, mukamapaka chiponde pabuledi ku Lilongwe, muzifunsa kuti mayi amene anaswa mtedzawo anagwirako zingati. Mukaimba foni kumudzi, afunseni amayi anu funso lomweli.

Chaka chino tigwirizane zitatu. Tisanagulitse, tipatule wakudya ndi wambewu. Pasikelo tikaimepo tokha, tiwerenge makilo ndi maso athu. Ndalama ikalowa m'nyumba, tikhale pansi tonse awiri, tiipangire limodzi zochita.

Amene waswa mtedza adziwenso mtengo wake.