Oregano wamasamba onenepa: kubzala, kuphikira ndi malire ake ngati mankhwala

Sukulu ya Alimi ya M'munda, dera la Mfumu Yaikulu Njewa. Mawu a mlangizi wa zaulimi pa phunziro la dimba la pakhomo.

Pa dimba la pakhomo timakonda kutchula mpiru, bonongwe, chisoso, tomato ndi anyezi. Lero tiwonjezerepo chomera chimene ena mwa inu mudachionapo m'beseni lakale pakhonde kapena m'mphepete mwa mpanda, n'kumachiyesa duwa wamba. Pa pepala lino tichitcha oregano wamasamba onenepa. Chimakometsa ndiwo, chimafewetsa kukhosi munthu akagwidwa chimfine, ndipo sichilira madzi ambiri. Koma chili ndi malire ake, ndipo mukachoka pano muwadziwe bwino, chifukwa pakhomo pamene sawadziwa mwana amatha kuchedwa kufika kuchipatala.

Kuchizindikira

Akatswiri a zomera amachitcha Coleus amboinicus, ndipo m'mabuku ambiri mudzachipeza ndi dzina lakuti Plectranthus amboinicus. Dzinali adachipatsa João de Loureiro m'chaka cha 1790, kutengera chilumba cha Ambon ku Indonesia. Komabe si chomera chachilendo kuno kwathu: chimamera chokha m'tchire kummawa ndi kummwera kwa Africa, m'mayiko monga Kenya, Tanzania, Mozambique ndi South Africa. M'Chingerezi ena amati Indian borage, ena Cuban oregano, ena Mexican mint. Ndi cha banja limodzi ndi mpungabwi ndiponso buye, ndiye chifukwa chake fungo lake limamveka msanga.

Musanachidye, onani zizindikiro izi. Masamba ndi ochindikala, amadzimadzi, aatali masentimita 5 mpaka 7, ndipo mukalipinda tsamba limathyoka. Ali ndi tiubweya tofewa mbali zonse ziwiri, m'mphepete mwake muli timano tozungulira, ndipo amamera awiriawiri moyang'anizana pa mfundo iliyonse. Nthambi zake n'zonenepa, zosachedwa kuthyoka, zimayanga pansi kapena kukwera osapitirira mita imodzi. Mukafikisa tsamba m'manja, fungo lamphamvu lokoma limatsalira pa zala. Pali mtundu wina wa masamba oyera m'mphepete, umenewonso ndi womwewo.

Chomerachi chili ndi achibale ofanana nacho. Ena ali ndi masamba aakulu, opyapyala ndi owawa kwambiri. Ena ndi maluwa okongoletsa pakhomo a masamba ofiira kapena achikasu. Amenewo si ophikira. Safunsa adadya phula: ngati mukukayika, bweretsani nthambi kuno tidzaione limodzi, ndipo mbewu yanu yoyamba itengeni pa dimba la sukulu yathu.

Kubzala ndi kusamalira

Chomerachi sichibereka njere kawirikawiri, choncho timabzala nthambi zodula, monga tichitira ndi chinangwa kapena kholowa. Dulani kunsonga kwa nthambi yathanzi, kutalika masentimita 10 mpaka 15, yokhala ndi mfundo zitatu kapena zinayi. Chotsani masamba am'munsi, siyani awiri kapena anayi akunsonga. Ikani nthambiyo pamthunzi tsiku limodzi kuti podulapo paume, kenako ikwirireni mfundo ziwiri m'dothi. Pakatha masabata awiri kapena atatu mizu imakhala itagwira. Siyani mpata wa masentimita 40 mpaka 50 pakati pa mapando, pakuti chimayanga.

Mdani wake wamkulu ndi madzi odikha. Masamba ake amasunga kale madzi, ndiye mizu ikakhala m'chinyontho nthawi yaitali imawola, nthambi n'kuda kuyambira pansi. Kuno kwathu mvula imalimba kuyambira Disembala mpaka Malichi, choncho musachibzale kudambo kapena pamene madzi a padenga amagwera. Kwezani bedi, kapena gwiritsani ntchito thumba lakale, ndowa kapena beseni lobowola pansi. Sakanizani magawo awiri a dothi lapamwamba, gawo limodzi la mchenga ndi gawo limodzi la manyowa owola bwino. Feteleza wogula safunika.

Nthawi yachilimwe thirirani kawiri pa sabata. Pisani chala m'dothi: ngati muli chinyontho, dikirani. Madzi otsukira ndiwo kapena mpunga amakwanira. Chimakonda dzuwa lammawa ndi kamthunzi masana. Dzuwa la Okutobala likachiomba tsiku lonse masamba amachepa ndi kuyezuka. Mu Juni ndi Julayi chimakula pang'onopang'ono chifukwa cha kuzizira, musadabwe nazo. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu yambani kuthyola, ndipo muzitsina kunsonga kuti chichite nthambi zambiri. Tchingani kuti nkhuku zisapalase mizu. Agalu ndi amphaka akadya masamba ake amatha kusanza kapena kutsegula m'mimba.

Chenjezo lina ndi ili: masambawa timawadya osasenda, nthawi zina osaphika. Musachibzale pafupi ndi nazale ya fodya kapena bedi la tomato limene mumapopera mankhwala, ndipo musachibzale m'chigubu chimene munali mankhwala ophera tizilombo, ngakhale mutachitsuka.

Kukhitchini

Apa ndi pamene phindu lake lili losakayikitsa. Tsamba limodzi kapena awiri amakwanira mphika wa banja lonse. Mukachulukitsa, fungo limaphimba kukoma kwa ndiwo ndipo pakamwa pamatsala kuwawa. Tsukani, duladulani tizidutswa ting'onoting'ono, n'kuthira pamodzi ndi tomato ndi anyezi, kapena patatsala mphindi 10 kuti muphule.

Chimagwirizana kwambiri ndi nyemba, nandolo ndi khobwe. Ku Cuba amachithira mu nyemba zakuda. Pa usipa, matemba ndi utaka chimachepetsa fungo la nsomba. Nyama ya mbuzi, ya nkhumba kapena nkhuku yachikuda mutha kuipaka masamba osinja pamodzi ndi adyo, mandimu ndi mchere pang'ono, n'kuisiya theka la ola musanaphike kapena kuwotcha. Ku India amaviika tsamba lathunthu mu ufa wa tchana wosungunula ndi madzi n'kulikazinga m'mafuta. Amayi amene mumagulitsa zitumbuwa ndi mandasi mungayesere zimenezi. Musalimbane ndi kupanga mfutso: masamba ake ndi amadzimadzi, amachita nkhungu asanaume. Ubwino wake ndi wakuti amakhala obiriwira chaka chonse, ndiye mumangothyola pamene mwawafuna.

Pali chifukwa china chimene ndikuchilimbikitsira. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo udachita mothandizana ndi bungwe la WHO m'chaka cha 2009 adapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'dziko muno ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Mchere wambiri umakulitsa vutoli. WHO imalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere pa tsiku, ndiko kuti supuni yaing'ono ya tiyi imodzi yosasefukira, kuwerengera zakudya zonse za tsikulo. Ndiwo zonunkhira bwino sizilira mchere wambiri kapena timapaketi ta zokometsera togula. Mchere wochepa umene muthirewo ukhale wa ayodini. Kumbukiraninso kuti masamba awiri mumphika si ndiwo zamasamba: pa magulu 6 a zakudya, bonongwe, nkhwani ndi chisoso zikhalebe pa malo ake.

Ngati mankhwala apakhomo

Fungo la chomerachi limachokera ku mafuta a m'masamba, makamaka otchedwa carvacrol ndi thymol. Asayansi adapeza kuti mafuta amenewa amapha tizilombo tina toyambitsa matenda akawayesa m'mbale za mu labotale. Koma m'mbale ndi m'thupi la munthu n'zosiyana, ndipo kafukufuku wochitidwa pa anthu odwala ndi wochepa. Chimene chilipo chochuluka ndi chizolowezi cha makolo: ku India, ku Vietnam ndi ku Brazil anthu akhala akuchigwiritsa ntchito pa chifuwa, chimfine ndi zilonda zapakhosi. Tichitenge ngati chofewetsa, osati chochiza.

Kwa munthu wamkulu kapena mwana wosinkhuka amene ali ndi chimfine wamba, tsukani masamba awiri kapena atatu, afinyeni pang'ono, aikeni m'kapu, thirani madzi owira, vundikirani mphindi 5 mpaka 10, sefani. Mutha kuonjezera mandimu, jinja kapena uchi. Imwani kapu imodzi kawiri pa tsiku, osapitirira masiku atatu kapena anayi. Tiyi yemweyu ena amamwa mimba ikadzaza mpweya atadya nyemba. Polumidwa ndi udzudzu kapena nyerere, ena amapakapo tsamba lofikisa. Yambani mwayesa pamalo pang'ono, chifukwa khungu la anthu ena limayabwa nalo.

Izi musachite. Musadonthezere madzi ake m'maso kapena m'khutu. Musaike masamba pa chilonda chotseguka kapena pamoto. Musafukize mwana nthunzi ya madzi owira atafunda bulangete, ana amapsa nazo. Mwana wosakwana miyezi 6 asamwe china chilichonse kupatula mkaka wa m'mawere, ndipo wosakwana chaka asapatsidwe uchi. Amayi oyembekezera, tsamba la mundiwo lilibe vuto, koma tiyi wake musiyeni. A mtundu wa Batak ku Sumatra amaphikira mayi amene wangobereka kumene msuzi wa masambawa pofuna kuti mkaka uchuluke. Kwa inu amayi oyamwitsa, chachikulu n'kuyamwitsa pafupipafupi ndi kudya mokwanira. Amene mukumwa ma ARV, mankhwala a TB, a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi, musasiye ngakhale tsiku limodzi chifukwa cha tsamba ili, ndipo auzeni achipatala za zitsamba zilizonse zimene mukumwa.

Pamene tsamba liyenera kusiyidwa

Mu Juni ndi Julayi, mphepo ya mwera ikamawomba, pafupifupi nyumba iliyonse mumamveka chifuwa. Vuto n'lakuti chimfine wamba, chibayo, malungo ndi chifuwa chachikulu zimayamba mofanana. Tiyi wa masamba amatha kufewetsa kukhosi matenda enieni akukula m'kati.

Mwana akamatsokomola, muvuleni malaya ali phee, muwerenge kupuma kwake kwa mphindi imodzi yathunthu pa wotchi ya foni. Wa miyezi 2 mpaka 11 akapuma ka 50 kapena kuposa, ndiponso wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 akapuma ka 40 kapena kuposa, chingakhale chibayo. Pitani naye tsiku lomwelo kwa alangizi a zaumoyo a kiliniki ya m'mudzi kapena kuchipatala. Ngati m'munsi mwa nthiti mukulowa m'kati akamakoka mpweya, akukana kuyamwa kapena kumwa, akusanza chilichonse, wakomoka kapena walefuka, musadikire kuti kuche. Khanda losakwana miyezi 2 likadwala mwa mtundu uliwonse, njira ndi ya kuchipatala basi.

Thupi likatentha, kaya ndi mwana kaya wamkulu, kayezetseni malungo pasanathe maola 24. Akapezeka, mankhwala ake ndi LA, ndipo amwedwe onse masiku atatu. Chifuwa chikafika masabata awiri, kapena pali kutuluka thukuta usiku, kuwonda, kapena magazi m'makhololo, kayezetseni TB. M'zipatala za boma kuyeza ndi mankhwala ake n'zaulere. Amene muli kufupi ndi Chitedze pitani pomwepo. Abale athu a ku Namitete ali ndi St Gabriel's, a ku Kabudula ali ndi chipatala chawo, ndipo matenda akakula amatumiza ku Kamuzu Central. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Mukafuna kupezerapo ndalama, gulitsani mbande m'timachubu kapena timitolo ta masamba ngati zokometsera ndiwo. Musauze wogula kuti zimachiza mphumu, shuga kapena Edzi. Mankhwala m'dziko muno amayang'aniridwa ndi bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, ndipo ife ndife alimi.

Ntchito ya m'magulu

Pa sukulu ya m'munda sitikhulupirira chifukwa alangizi anena, timayesa tokha. Tigawane magulu atatu, gulu lililonse litenge nthambi 10 zofanana kutalika. Gulu loyamba libzale pa bedi lokwera la padzuwa, lachiwiri pa bedi lokwera la pamthunzi wa mtengo, lachitatu m'matumba. Dothi, manyowa ndi kathiriridwe zikhale zofanana. Sabata iliyonse, pozonda munda, alembi alembe nthambi zimene zagwira, zimene zawola, kuchuluka kwa masamba, kukula kwake ndi mphamvu ya fungo. Pakatha masabata 8 tidzafananiza, ndipo mudzasankha nokha njira yoyenera pakhomo panu.

Sabata yamawa tidzaphika miphika iwiri ya nyemba. Woyamba tidzathira mchere monga mwa masiku onse, wachiwiri theka la mcherewo ndi masamba awiri. Olawa sadzauzidwa kuti mphika uti ndi uti. Gulu loyamba libweretse nyemba ndi nkhuni, lachiwiri tomato ndi anyezi, lachitatu miphika ndi mbale. Amene muli ndi foni mubwere nazo, tidzaphunzitsane kuwerenga kupuma kwa mwana, ndipo tidzapempha alangizi a zaumoyo kuti adzakhale nafe. Pepalali mukawawerengerenso a kunyumba amene sanabwere, makamaka agogo amene amatsala ndi ana ife tili kumunda.